Mtengo Wolerera Chigumu

Ku Kawale, pa khonde la sitolo ina pafupi ndi msika, panali munthu wina wokonza mafoni. M'mawa wina mkazi wake, amene anali telala, anaima pa tebulo lake chikwama chili pa phewa, akupita m'tauni kukagula nsalu.

"Foni yanga yatha moto," anatero mkaziyo. "Ndiisiya pompano. Koma Chigumu wanga musamukhudze."

"Ndimukhudze wandilipira ndani?"

Mkaziyo anaseka. "Kodi nditati mundilerere, mungati zingati?"

"Inu amake Tawina mtengo wanu ndi wapadera. Ndiyambe ndauganiza. Ndikuuzani madzulo."

"Muziganiza msanga, makasitomala timathawa."

Anawoloka msewu, nakwera minibasi. Mwamunayo analumikiza foni ija ku tchaja, napitiriza ntchito yake.

Ena mwa inu mukudabwa kuti Chigumu ndani. Sanali mwana, sanali galu. Pali gemu ina ya pa intaneti imene anthu amasewera pa foni, ndipo m'menemo aliyense amakhala ndi kachiweto kake. Kamabadwa kakang'ono, kosatha kanthu. Umakadyetsa, umapita nako kukamenyana ndi zilombo za m'gemumo, ndipo kakadya kapena kakapambana, kamzere kena pamwamba pa mutu wake kamadzaza pang'onopang'ono. Kamzereko kakadzaza, ndiye kuti kachiweto kakwera levulo. Zimenezi zimafuna nthawi. Anthu a m'maofesi nthawiyo alibe, koma amafuna chiweto chachikulu choti azikanyadira kwa anzawo. Ndiye ankabwera kwa munthu uyu, kumupatsa akaunti ndi pasiwedi, iye n'kumawalerera, monga momwe wa kutauni amasungitsira mbuzi zake kumudzi. Kukonza mafoni kunkabweretsa ndiwo. Kulera ziweto za eni kunkalipira lendi.

Chovuta pa ntchitoyi sichinali kulera. Chovuta chinali kutchula mtengo. Mbuzi umaigwira msana, nsalu umaiyeza ndi mita. Nanga chinthu chosagwirika uchiyeza ndi chiyani? Iye anali ndi muyezo wake. Ankaganiza za bandulo imene ithere pamenepo, za magetsi, za maso ake. Ankadziwa kuti malevulo oyamba amakwereka ngati masitepe a pakhomo, koma apamwamba ali ngati phiri, kotero sangakhale mtengo umodzi. Wofuna zachangu ankalipira changu chakecho. Ndipo anali ndi mtengo wina umene amalonda onse amaudziwa, ngakhale sautchula dzina pamaso pa wogula: mtengo wokanira. Wamalonda sanena kuti ayi. Chinthu akakhala kuti sakufuna kugulitsa, amatchula mtengo woti munthu aseke, apukuse mutu, azipita yekha, ulemu wa onse awiri uli pomwepo.

Mkazi wake anayamba gemuyi pofuna kumuseka, kenako anaikonda. Kachiweto kake kanali kofiirira, kozungulira, ka miyendo ifupiifupi, n'chifukwa chake anakatcha Chigumu. Ankakalera yekha, mosathamanga. Ankakadyetsa podikira mayi wodzayeza diresi, ankakamenyetsa kamodzi magetsi akazima makina osokera ataima. Anakagulira kambale kobiriwira ka m'gemu momwemo, nakaika pa ngodya ya kakhola kake. Mwamunayo ankati, "Mundipatse masiku owerengeka, kameneka kakhala chimphona." Iye ankayankha kuti, "Inu mumalera ngati nkhuku zoyera zija. Wangayu ndi wachikuda, akula pa nthawi yake."

Chimene mkaziyo ankayembekeza chinali chimodzi. Pa levulo ina kachiweto ka mtundu umenewu kamasanduka. Kamavula thupi lakale, kamamera mapiko, kamakula kosakwananso m'kakhola kake, ndipo kubwerera kulibe. "Ndikufuna ndidzaone mapiko ake," ankamuuza Tawina, mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana amene anali atangolemba mayeso a Sitandade 8. M'mawa umenewo kamzere ka Chigumu kanali katatsala pang'ono kwambiri kudzaza.

Madzulo otchula mtengo aja sanafike. Mkaziyo anagwa m'sitolo ya nsalu akuyezetsa mamita. Pofika naye kuchipatala anali atapita. Uthenga unachedwa kufika ku Kawale, chifukwa amene anamunyamula anafunafuna foni m'chikwama chake osaipeza. Foniyo inali pa tebulo la mwamuna wake, itadzaza moto.

Maliro anakaikidwa kumudzi. Anthu anabalalika, achibale anabwerera kwawo, m'nyumba munatsala awiri. Munthu uja atabwerera pa khonde lake, tsiku lina masana anatsegula foni ya malemu. Chigumu anathamangira kutsogolo monga ankachitira kwa mwini wake, atawonda, kambale kali gwa. Gemu inali itachenjeza kale kuti chiweto chosadyetsedwa chimafooka, kenako chimachotsedwa osabwereranso. Anakapatsa chakudya msangamsanga. Kanadya. Kamzere kaja kanasuntha.

Chala chake chinaima m'malere.

Apa m'pamene anaona msampha umene analimo. Akapanda kukadyetsa, kapita. Akakadyetsa, kakula, kasanduka, ndipo kanthu kofiirira kamene maso a mkazi wake anakaona m'mawa womaliza sikadzakhalaponso. Mbali zonse ziwiri kunali kutaya.

Koma munthuyu anali katswiri pa ntchito yake. Ankadziwa chimene osewera ambiri sachilabadira, kuti chiweto chikagonja pa ndewu, kamzere kamabwerera m'mbuyo pang'ono. Ndiye anapeza njira. Tsiku lililonse ankamudyetsa Chigumu kuti asafe. Akatero ankapita naye kudera la zilombo zikuluzikulu, zoti msinkhu wake sangazithe, n'kuchotsa zala zake pa galasi la foniyo. Ankayang'ana kumbali mpaka zitatha. Kachiwetoko kakamagonja kankalira kamawu kakang'ono, choncho anatsitsa voliyumu. Kamzere kakabwerera pamene kanali m'mawa uja, ankatseka foni n'kuiika m'thumba la malaya.

Munthu amene ankalipidwa chifukwa chokweza ziweto za anthu, tsopano ankagwira ntchito yolemera kuposa zonse, yoimitsa, popanda womulipira.

Sizinali za m'foni zokha. Kunyumba makina osokera anali pomwe anali, ulusi uli pa singano. Tepi yoyezera nsalu inali pa msomali wake, patapata ali pansi pa bedi. Tawina atafuna kusuntha mpando kuti asese bwino, bambo ake anati, "Zinthu za amayi ako zisakhudzidwe." Sananene mokalipa. Anangonena, ndipo mwanayo anamva.

Kenako zotsatira za mayeso zinatuluka. Tawina anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, kutali ndi Lilongwe. Amayi oyandikana nawo analuluta, a mvano anabwera kudzapemphera. Munthu uja anathokoza Mulungu pamodzi nawo, ndipo anathokoza moona. Koma alendo atachoka anamva mwana wake akuyankha "Eee" kuchokera kukhitchini, ndipo mawuwo anali a malemu, kukwera kwake ndi kutsika kwake komwe. Tawina ankaseka ngati mayi ake. Ankaitana "Odi" ngati mayi ake. Akapita, m'nyumba muja simudzamvekanso mawu amenewo.

Vuto silinali fizi. Ndalama zinalipo, ndipo amalume ake a mwanayo anali atanena kuti athandiza. Koma Tawina akafunsa za sutikesi, bambo ake ankati, "Tidikire kaye." Akafunsa za matilesi, "Tiona sabata yamawa." Sukulu zinatsegulidwa. Anzake anadutsa pa msewu atasenza ndowa ndi zikwama. Mphunzitsi wake wakale anafika pa khonde paja nanena mwaulemu kuti malo otere sadikira munthu; mwana akachedwa kwambiri amapatsidwa wina. Munthu uja anayankha kuti wamva, napitiriza kumasula foni ya kasitomala.

Tawina sanakangane nawo. Koma pobweretsa chakudya cha masana ankaima kumbuyo kwa bambo ake, ndipo anali ataona chimene ankachita ndi foni ya amayi ake.

Tsiku lina anafika pa khonde wopanda chakudya m'manja. Panali anthu awiri akudikira, iye anaima kumbuyo kwawo. Nthawi yake itakwana anati, "Ndabwera ngati kasitomala."

Bambo ake anamwetulira pang'ono, poganiza kuti ndi nthabwala. "Takulandirani, mayi. Tikuthandizeni chiyani?"

"Chigumu wa amayi. Kumufikitsa pa mapiko ndi zingati?"

Kumwetulira kuja kunatha. Kunena kuti ayi sakanatha, chifukwa akanafunsidwa chifukwa chake. Ndiye anachita chimene wamalonda amachita. Anatchula mtengo woti ungagule nawo sitolo yonseyo ndi khonde lake lomwe.

Wogulitsa mayunitsi amene ankakhala pafupi anaphulika kuseka. "Aa, achimwene! Kodi kameneko n'kang'ombe ka mkaka?"

Tawina sanaseke, sanapukuse mutu. Anakulira pansi pa tebulo limenelo, ndipo mtengo wokanira ankaudziwa. Anangoti, "Ndamva. Ndibweranso."

M'mawa mwake anabweranso, naimanso pa mzere.

"Ndalama zija ndilibe," anatero. "Koma mumalandiranso katundu. Ndinakuonanipo mukulandira foni yakale m'malo mwa ndalama."

"Muli ndi chiyani?"

"Malo anga a kusukulu. Ndikhala. Sindidzafunsanso za sutikesi. Ndizikuphikirani, ndizichapa, ndizikhala pakhomo. Koma inu musiye kumumenyetsa, adadi. Amalira. Mumatsitsa voliyumu, koma pakamwa pake pamaoneka."

Wa mayunitsi uja anadzuka, napita kukaima patali ngati wina wamuitana.

Ndikuuzeni zoona, abale anga: munthuyo anauganizira mtengowo. Unali mtengo wabwino. Akanataya kanthu ka m'foni, koma mawu aja akanatsala m'nyumba, m'mawa ndi madzulo, chaka ndi chaka, ndipo palibe akanati wamukaniza mwana sukulu, popeza mwanayo wapereka yekha. Anali asanalandirepo malipiro oyandikira mtima wake ngati amenewo.

Anakweza maso kuti amuyang'ane, monga ankayang'anira kasitomala aliyense asanavomere. Mwanayo anali atavala diresi la maluwa limene amayi ake anamusokera. Linali litamuthina m'mapewa, mawondo ali pamtunda. Koma m'munsi mwake munali nsalu yopinda, yaikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Anakumbukira tsiku limene linkasokedwa. Iye anali atafunsa kuti, "Bwanji mukuwononga nsalu, kupinda yambiri chonchi?" Ndipo mkazi wake, mapini ali pakamwa, anayankha kuti, "Mwana si chitsa, bambo. Ndikusokeratu wa chaka chamawa."

Chaka chamawacho chinali chitafika. Nsalu inalipo, yosiyidwa dala. Koma Tawina sanamasule popindapo, chifukwa anauzidwa kuti zinthu za amayi ake zisakhudzidwe.

Munthu uja anayang'ananso popindapo. Anaona kuti chimene mwanayo anabweretsa ngati malipiro, iye anali atachitenga kale, pang'onopang'ono, ndi "tidikire kaye" aliyense, osapereka kanthu kosinthana nako. Anaonanso kuti amene ankapita naye kokagonja tsiku ndi tsiku kuti asakule sanali Chigumu yekha.

"Mtengo umenewo sindilandira," anatero.

"Ndiye zingati?"

"Bwera ukhale apa, iwe." Anamusunthira mpando, natulutsa foni m'thumba la malaya. "Amayi ako anati ndisamukhudze. Ndamukhudza kokwana. Mudyetse ndiwe."

"Nanga malipiro?"

"Ukamasule diresilo m'munsimo. Lumo lili m'kabokosi ka makina. Ukatha tikagule sutikesi."

Tawina anatenga foni. Anathira chakudya m'kambale kobiriwira, Chigumu anadya. Anapita naye kudera la zilombo za msinkhu wake, ndipo zala zake sanazichotse pa galasi. Bambo ake anakweza voliyumu. Kamzere kanadzaza. Galasi lonse linayera, ndipo litabwerera, kanthu kofiirira kozungulira kaja panalibe. Panaima chinyama chachitali, chotuwa, cha mapiko otambalala mpaka kubisa kakhola konse.

Munthu uja anachiyang'anitsitsa, kufunafuna chilichonse cha Chigumu wakale. Sanapeze kanthu, koma dzina lokha pamwamba pa mutu wake, monga analilembera malemu.

"Amayi akanati mapikowa amukulira," anatero Tawina.

"Ine ndikanati awononga nsalu," anatero bambo ake.

Palibe amene analira pa khondepo. Panali makasitomala akudikira.

Malo a kusukulu aja anali asanapatsidwe wina. Munthu uja anamuperekeza mwana wake ku depoti, iye atanyamula matilesi, mwanayo ndowa. Basi itayamba kusuntha Tawina anatulutsa mutu pa windo nati, "Adadi, muzidya!" Ndipo mawuwo anali a malemu, kukwera kwake ndi kutsika kwake komwe. Anaima pomwepo mpaka basi inakhota. Atafika kunyumba anati "Odi" pa khomo lake lomwe, mwachizolowezi. Munalibe woyankha.

Abale anga, tanthauzo la fanizoli silili patali. Mulungu akatipatsa chamoyo, amatipatsa kuti tilere, osati kuti tiimitse. Imfa ikalowa m'nyumba, mtima umafuna kuti zonse zikhale monga zinalili m'mawa womaliza: mpando pomwe unali, mawu momwe ankamvekera, ana pa msinkhu umene malemu anawasiya. Chikhumbo chimenecho sindichitcha tchimo. Ndi chikondi chimene chasowa kolowera. Koma chamoyo sichiima chokha. Kuti chiime pamafunika wina wochigonjetsa tsiku ndi tsiku, ndipo kawirikawiri wogonjetsayo ndi amene amachikonda koposa onse.

Ife olira sitinena kuti ayi. Timatchula mtengo wokanira. Timati tidikire kaye. Timati ndikayamba kupeza bwino. Timati ukanakhala kuti unkawakonda amayi ako, sukanafunsa zimenezi pano. Ambiri amapukusa mutu n'kuchoka. Koma pali ena amene sachoka, chifukwa amatikonda, ndipo amenewo amapita kukatenga chimene ali nacho chokhacho, n'kubwera kudzalipira. Dzifunseni lero kuti m'nyumba mwanu ndani akulipira chisoni chanu, ndipo akulipira ndi chiyani.

Atate wathu wakumwamba alibe mtengo wokanira. Amene anatisiya ali m'manja mwake, ndipo kumeneko sanawaimitse pamene ife tinawaonera komaliza. Ngati Iye sanaimitse opitawo, ife tisaimitse otsala. Amene anatikonda anatisiyira nsalu yopinda m'munsi. Kuimasula si kuwaiwala. Ndi kuvala chimene anatisokera.

Sindikunena kuti mukatambasula dzanja kupweteka kutha. Sikutha. Nyumba imakhala chete, ndipo cheteyo mumakhala naye.

Munthu uja akadali pa khonde lomwe lija ku Kawale. Akukonzabe mafoni, akulerabe ziweto za eni, ndipo mitengo yake anthu amati ndi yachilungamo. Chinyama cha mapiko chija chimadya kutali tsopano, m'kakhola sichilowanso. Kambale kobiriwira kadakali pa ngodya pomwe kanaikidwa. Sanakachotse.